A Zangaphee ndi Nsapato za M'mbali mwa Kanyanja

Mu Glasgow monse muno munalibe munthu woopa madzi ngati a Zangaphee, komanso munalibe munthu wopita kumadzi kawirikawiri ngati a Zangaphee omwewo. Loweruka lililonse, kugwe mvula kugwe sinowo, mukanawapeza m'mbali mwa kanyanja ka m'paki ija ya kummawa kwa tauni, ataima mapazi khumi kuchokera pamadzi, maso ali tong'o. Anthu ena amapita kupaki kukapumula. Iwo ankapitako kukaopa, ndipo ntchitoyi ankaigwira mokhulupirika.

Anali mdala wa ku Nsanje, wamfupi, wovala makoti awiri ngakhale m'chilimwe. Anabwera kuno potsatira mwana wawo Ketrina, yemwe ndi nesi, ndipo ankakhala naye m'nyumba zosanja za ku Govanhill. Ine Goodwill ndinawadziwira kutchalitchi, ndipo ndiulule poyambirira pomwe kuti pa anthu owaseka ndinali tcheyamani. Ndinaseka zaka zingapo, mpaka pamene mkazi wanga Vera anayamba kulowa m'kanyanjako.

Ketrina ankadandaula kuti bambo ake anabisa chotsekera madzi cha m'bafa. Ankasambira m'ndowa, ataima, chitseko chili chosakhoma. Basi ikamawoloka mlatho wa mtsinje wa Clyde ankatsinzina n'kugwira mpando wakutsogolo, ngakhale pampandopo pakhale mutu wa munthu.

Tsiku lina tinakwera nawo sitima ija ya pansi panthaka kuchokera ku Hillhead. Itadutsa pa Partick, satana anandilowa.

"Ankolo, mukudziwa kuti panopa mtsinje wa Clyde uli pamwamba pathu?"

"Pamwamba pa ndani?"

"Pamitu pathupa. Sitimayi imadutsa kunsi kwake."

Anayang'ana kudenga, n'kutulutsa ambulera, n'kuitambasula musitima momwemo. Mzungu amene anakhala pambali pawo anayang'ananso kudenga, kenaka anasendera pang'ono n'kulowa nawo m'ambuleramo. Titafika pa Govan anatsika, ndipo sitimayo sanaikwerenso mpaka imfa yawo.

Kanyanjako anakaona koyamba pa pikiniki ya mpingo. Kwa amene simunafikeko, si nyanja yoti n'kudzitama nayo. Ndi kadziwe kakakulu pakati pa malo athyathyathya, udzu wokhawokha, mabango kumbali imodzi, ndi njira yozungulira imene munthu amaimaliza ola lisanakwane. Anthu amayendetsako agalu, ena amapalasa njinga, ena amabwereka timabwato tachitsulo m'chilimwe. Ana athu atangotsika m'galimoto anathamangira kumadzi. A Zangaphee anakuwa mokweza moti ngakhale agalu a azungu anaima.

"Bwererani! Nonse! Madzi ali phee chonchi mukuona ngati n'chikondi?"

Anatola ndodo n'kulemba mzere pansi, akuti mwana aliyense wodumpha mzerewo akamunenera kwa abusa. Kenaka anatola miyala n'kuyamba kugenda m'madzi, kumanja, kumanzere, pakati, n'kumamvetsera. Bambo woyang'anira pakiyo anabwera kudzafunsa mwaulemu kuti vuto n'chiyani. A Zangaphee anam'yankha m'Chingerezi chawo cha sukulu ya mishoni.

"Mwana wanga, ng'ona zilimo zingati muno?"

"Mulibe ng'ona mu Scotland monse, bambo. Kumazizira kwambiri."

"Munalowamo nokha n'kukayang'ana pansi?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye mukungomva kwa anthu."

Ali mkati mokambirana, tsekwe wina wamkulu woyera wa khosi lalitali anatuluka m'mabango n'kuwafwenthera kumbuyo. Mdala uja anadumpha tebulo la pikiniki osakhudza mbale ndi imodzi yomwe. Ine ndinaseka mpaka mpunga unandilowa m'mphuno.

Tinkaganiza kuti kupakiko sadzapondakonso. Koma dokotala atawauza kuti aziyenda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, anasankha komweko, mabasi awiri kuchokera ku Govanhill. Ketrina atawafunsa chifukwa, anati sangagone bwino akudziwa kuti madzi aja ali okhaokha popanda wowayang'anira.

Ndiye kunabwera m'mawa wa Januwale uja, umene a Zangaphee ankaufotokoza akunjenjemera ngakhale patapita zaka. Udzu unali mbuu ndi chisanu. Akuyenda, anaona amayi asanu ndi awiri achizungu, akuluakulu ndithu, ena aimvi, akuvula makoti ndi nsapato n'kuziika bwinobwino pamtunda. Anatsala ndi zovala zosambira ndi zipewa zaubweya, n'kuyamba kulowa m'madzi mmodzimmodzi, mwakachetechete. Tsono kwa munthu wa ku Nsanje, mayi wamkulu akavula nsapato n'kulowa m'madzi opanda ndowa, opanda sopo, nkhope ili gwa, tanthauzo lake ndi limodzi lokha. Amayiwa atopa nawo moyo.

Anathamanga n'kukagwada pamzere wawo wa mapazi khumi, manja ali m'mwamba.

"Amayi! Chonde! Tikambirane! Amuna onse si oipa!"

Amayi aja anacheuka, madzi ali m'chiuno.

"Ganizirani ana! Ngati n'zakubanja, tili ndi abusa abwino, samaulula!"

Mtsogoleri wawo, Mayi Thomson, mphunzitsi wopuma ntchito wa mawu ngati belu, anatuluka n'kuwafotokozera kuti iwo amasambira Loweruka lililonse chaka chonse, kuti madzi ozizira amawapatsa mphamvu ndi chimwemwe. A Zangaphee anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti zimenezi n'zoopsa kuposa zomwe amaganiza poyamba. Sanachokepo. Anaima pafupi ndi nsapato zija, akupemphera mokweza, mpaka mayi womaliza atatuluka.

Loweruka lotsatira anabweranso. Linalo chimodzimodzi. Amayi aja ankafunadi munthu woima pamtunda wowayang'anira, ndipo sakanapeza wina wosaphethira ngati ameneyu. A Zangaphee anakhazikitsa lamulo lawo. Aliyense asanalowe aike nsapato pamzere umodzi, ndipo iwo sachoka, sakhala pansi, salandira tiyi, mpaka nsapato iliyonse italowamo phazi. Ankatiuza kuti kwawo munthu wotengedwa ndi mtsinje amadziwika ndi zimene wasiya padooko.

Ndipo ankawakalipira. Wina akachedwa kutuluka ankamulandira ndi thaulo kudzanja lina, ulaliki kukamwa.

"Taonani milomo! Yabuluu ngati inki! Kodi kwanu muli ndi achibale?"

Amayi aja ankangoseka mano akugundana. Anayamba kuwabweretsera makeke, ena masokosi oluka. Mayi Thomson anaphunzira kunena kuti "Pepani ankolo" ndipo ankawanena mawuwa asanalakwe n'komwe.

Nkhani zonsezi ndinkazifotokoza kunyumba kuti tiseke. Kulakwa kwanga kunali komweko. Vera, amene nthawi imeneyo ankavutika ndi msana komanso kusowa tulo chimwalirire mayi ake ku Zomba, anasiya kuseka n'kuyamba kufunsa kuti amayiwo amakumana nthawi yanji. Iyeyu anakulira m'mphepete mwa Mulunguzi, kusambira amakudziwa. Ine ndine wa ku Dedza, madzi amene ndimawadziwa ndi a m'kapu.

"Mayi a Misozi, mwazungulira mutu?" ndinamufunsa.

"Inu mumati a Zangaphee ndi amantha. Nanga inu mukuopa chiyani?"

Tsiku loyamba limene a Zangaphee anaona Vera akuvula nsapato pamzere paja, anatsala pang'ono kukomoka. Anabwera pawindo la galimoto langa n'kugogoda.

"A Goodwill, azungu ndawalephera, ndi mtundu wawo. Koma uyu ndi mwana wathu. Mwam'lakwira chiyani?"

"Palibe, ankolo. Wafuna yekha."

"Ndiye inu mukhala m'galimoto?"

Ndinakhaladi m'galimoto, hita yotenthetsa m'galimoto ili yoyatsa, wailesi ikulira. Manyazi ndinalibe. Vera anayamba kugona bwino, msana unaleka, ndipo Loweruka lililonse ankatuluka m'madzi akuseka ngati mtsikana, a Zangaphee akum'tsatira ndi thaulo, akumuuza kuti akalembera kalata akwawo ku Zomba.

Tsono linafika Loweruka lina la Novembala. Kunacha bwino, kopanda mphepo, madzi ali see. Analowa amayi asanu ndi anayi cha m'ma naini koloko, ulendo wawo wa masiku onse wokafika pachitini chofiira choyandama pakati n'kubwerera. Ine ndinali m'galimoto ndikuwerenga mauthenga pafoni. Nditadzutsa mutu, kanyanja kanalibepo. Chifunga chinatsika kuchokera kumabango n'kuphimba zonse, madzi, mitengo, ngakhale benchi imene inali patsogolo pa galimoto. Ndinatuluka ndikuthamanga.

Ndinapeza amayi akutuluka mmodzimmodzi, a Zangaphee akuwakankhira kunsapato zawo, osakalipira aliyense. Chete wawoyo ndi amene anandiopsa. Mayi wachisanu ndi chiwiri anatuluka, kenaka Mayi Thomson. Pamzere panatsala nsapato ziwiri zobiriwira, zimene ndinagula ndekha pa Khirisimasi.

"Anali kumbuyo kwanga," anatero Mayi Thomson. "Tinatembenuka limodzi pachitini paja."

Ndinali nditamva kangapo amayiwo akunena kuti m'madzi a Novembala munthu amakhala ndi mphindi khumi ndi zisanu, zikapitirira manja amakana. Ndinayang'ana wotchi. Anali atatha mphindi khumi ndi ziwiri.

"Vera! Veraaa!"

Ndinathamangira kumanja ndikukuwa. Mayi wina anathamangira kumanzere, nayenso akukuwa. Bambo wina woyendetsa galu anayamba kuitana ali cha kumabango, galu wake akuuwa. Mayi Thomson anali pafoni kuitana opulumutsa anthu, kwinaku akuletsa anzake awiri amene ankafuna kulowanso. Dzina la mkazi wanga linkamveka mbali zonse za kanyanjako. Kamodzi kokha ndinamva mawu ake, aang'ono, koma sindinadziwe ngati akuchokera kutsogolo kapena kumbuyo. Ndinalowa m'madzi ndi nsapato zomwe mpaka m'mawondo, ine wosadziwa kusambira, n'kuima pomwepo ndikulira ngati mwana.

"Khalani chete nonse!"

Mawu amenewo sindinawamvepo kwa a Zangaphee. Sanali mawu a munthu wa ambulera musitima.

"Mukumusokoneza! Akamva kuno, akamva uko, azingozungulira. Aliyense atseke pakamwa. A Goodwill, tulukani, musatipatse maliro awiri."

Ananenanso zomwezo m'Chingerezi, ndipo paki yonse inati zii, ndi galu yemwe. Pamtunda, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, panali timabwato tachitsulo tija titavundikiridwa kudikira chilimwe. A Zangaphee anadumpha mzere wawo wa mapazi khumi osauyang'ana, anasolola nkhafi pansi pa bwato limodzi, n'kuyamba kulimenya. Gu! Gu! Gu! Katatu, n'kupuma, katatunso. Madzi ankawanyambita nsapato. Miyendo yawo inkanjenjemera moti buluku linkachita kuvina, koma mikono sinaphonye.

Palibe chimene ndinachitapo pamoyo wanga chovuta ngati kukhala chete m'mawa umenewo. Dzina la Vera linali pakhosi panga, ndinachita kuluma mkono wa jekete. Wotchi inati mphindi khumi ndi zisanu. Inati khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinayamba kuganiza za mmene ndikamuuzire Misozi, mwana wathu, amene tinamusiya ali mtulo kunyumba. Ndinaganiza za foni ya ku Zomba. Ndinaopa, anzanga, mantha enieni ouma m'kamwa, ndipo ndinazindikira kuti mdala amene ndinkamusekayu ankakhala chonchi Loweruka lililonse.

Kenaka, pakati pa kumenya kuwiri, tinamva kutsokomola. Mayi Thomson anataya foni pansi n'kulowa. Patapita kanthawi anatulukira m'chifunga akukoka Vera m'khwapa, nkhope yake ili yotuwa ngati phulusa, zala zitapindana. Amayi aja anam'zinga, kum'vula zonyowa, kum'kuta ndi makoti awo onse. Anali moyo. Ankayesa kulankhula koma nsagwada zinkakana. Pambuyo pake anatiuza kuti ankasambira kuloza kumabango akuganiza kuti akubwera kumtunda, ndipo pamene tonse tinkakuwa anazungulira kawiri n'kuyamba kumva tulo. Chitsulo chija ndi chimene chinam'tembenuza.

Ndili m'kati mogwira mapazi a mkazi wanga, ndinazindikira kuti phokoso lija silinaleke. Gu! Gu! Gu! A Zangaphee anali akumenyabe, maso ali m'chifunga.

"Ankolo, watuluka! Vera watuluka!"

Sanandimve. Ndinapita n'kuwagwira mkono. M'manja mwawo munali mutasupuka, nkhafi ili magazi.

"Ankolo, basi. Onse akwana."

"Ndisiyeni," anatero, osandiyang'ana. "Ulendo uja ndinaleka msanga."

Anamenyanso kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenaka nkhafi inagwa yokha. Anakhala pansi pamatope n'kubisa nkhope m'makoti awo awiri.

Vera anagona m'chipatala tsiku limodzi. Lamulungu lake tinapita ku Govanhill ndi nkhuku yophika kukathokoza, ndipo ndi pamene a Zangaphee anatiuza za ulendo uja. Ali mnyamata ankapha nsomba kudambo la Ndindi ndi mkulu wawo Useni. Kumeneko chifunga chikagwa, wotsala padooko amamenya bwato kuti amene ali pamadzi atsate phokoso. M'mawa wina Useni anapita yekha kukaonjola ukonde. Chifunga chinagwa. A Zangaphee anamenya bwato mpaka mikono inatopa, ndipo anaganiza kuti mwina mkulu wawo wakocheza padooko lina, n'kupita kunyumba kukamwa phala. Bwato la Useni linapezeka patapita masiku awiri, lopanda munthu.

"Mwina ndikanamenyabe sakanabwera ndithu," anatero. "Koma sindidziwa. Zaka makumi asanu ndi zisanu, sindidziwa."

Ketrina anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja lili pakamwa. Nkhaniyi nayenso ankaimva koyamba.

Ndinkaganiza kuti zikatere Vera asiya. Anakhala milungu itatu, wachinayi anatenga thaulo. Amayi aja anagwirizana kuti sadzalowanso kukakhala kachifunga ngakhale kochepa, ndipo wogamula anali a Zangaphee, amene ankaona chifunga ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Atamuona Vera akuika nsapato pamzere, anakweza manja aja omangidwa mabandeji.

"Iwe mwana, mutu wako unalowa madzi?"

"Pepani ankolo."

"Pepani wa chiyani? Lowa msanga utuluke, ine mtima ukundipweteka!"

Anamwalira chaka chotsatira mu Seputembala, m'tulo, pabedi pawo pouma bwinobwino. Pamaliro, m'nyumba ya Ketrina munadzaza mpaka m'masitepe. Amayi osambira aja anabwera onse, Vera anawabwereka zitenje, ndipo anakhala pansi pamodzi ndi amayi a mvano, miyendo itatambasulidwa, akuyesa kutsatira nyimbo zimene sankazimva. Mayi Thomson atapatsidwa mpata wolankhula anaimirira, anatsegula pakamwa, belu lija silinalire. Anangokhalanso pansi. Tinawaika konkuno, ndipo Ketrina anasankha manda a paphiri.

Kanyanja kaja kalipobe. Agalu akuyendabe, njinga zikudutsa. Amayi aja anapeza wina woima pamtunda, bambo wabwino wophunzira zopulumutsa anthu m'madzi, wa jekete lowala ndi wenzulo. Amadziwa ntchito yake, amamwetulira, munthu akatuluka amamuuza kuti wachita bwino. Palibe cholakwika chimene ndingamunenere. Koma pakiyo yangokhala paki basi, malo a udzu ndi madzi, ndipo amayi aja amavala mwakachetechete n'kumapita kwawo.

Loweruka lapitali Vera anatuluka m'madzi patangotha mphindi zisanu. Kunalibe chifunga, kunalibe mphepo. Analowa m'galimoto n'kukhala duu, kapu ya tiyi ili m'manja osamwa.

"Kwazizira kwambiri lero?" ndinamufunsa.

"Ayi. Ndinachita mantha."

"Mantha a chiyani? Ngakhale litachitika tsoka lija munabwereranso osaopa."

Anayang'ana kumtunda kuja.

"Nthawi ija mantha anga ankandisungira ndi ankolo," anatero. "Panopa ndikumalowa nawo ndekha."